Sungathe, Dara!

Chimene chinatsitsa Darinka pa tramu ndi lamba wansalu. Ngozi ayi, mowa ayi, kuchedwa kuntchito ayi. Zaka zoposa makumi awiri akuyendetsa tramu, sitima yamagetsi yoyenda panjanji m'misewu ya Beograd, mayiyu sanapondepo ngakhale galu. Koma chaka chilichonse oyendetsa onse ankayenera kukapimidwa kuchipatala cha kuntchito. Zaka zam'mbuyozo kamuvi ka chopimira kuthamanga kwa magazi kankaima pamalire penipeni, iye n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Chaka chimenecho, cha 1985, dokotala Pantić anamumanga lamba uja pamkono, nati mwachizolowezi, "Khazikani mtima pansi," n'kuyamba kupopa. Kamuvi kanathamanga ngati kaona njoka.

"Magazi anu akuthamanga moopsa, mayi," anatero Pantić, osamuyang'ana n'komwe kumaso. "Munthu wotere sindingamulole kunyamula anthu odzaza tramu. Mubwerenso mwezi wamawa. Zikadzakhala chonchi, basi, mukapume kunyumba."

"Ine ndili bwinobwino! Ndi chilamba chanuchi chikundikwiyitsa."

"Onse amatero. Wina alowe!"

Podikira mwezi umenewo akuluakulu anamuika pakawindo kogulitsira matikiti kudepoti, kumene matramu amagona. Darinka, pakawindo! Mkazi woti chisanu chikamata panjanji n'kumaterera ngati sopo, onse ankati pamtsetse wotsikira kumtsinje muikepo Dara, enawa angatiphere anthu. Tsopano ankakhala m'kachipinda konga khola la nkhuku, n'kumaona tramu yake ikutuluka pageti m'manja mwa Gvozden, chimphona cha bambo chimene chinkamanga mabuleki ngati chakwiyira munthu. Zinkamuwawa kwambiri ndipo sankabisa. Ankaopanso, ngakhale izi sankauza aliyense. Popanda tramu sankadziwa kuti angadzukirenji m'mawa.

Mchere anasiya. Khofi anachepetsa. Fodya anamusiyanso, ngakhale kuti ankamusiya m'mawa uliwonse. Koma matenda ake enieni sanali m'mbale kapena m'kapu. Darinka anali munthu woti ukangomuuza kuti khazika mtima pansi, mtima wakewo umakwera padenga.

Mwamuna wake Tihomir ankakonza mawailesi ndi makanema m'kashopu kapansi pa nyumba yosanja imene ankakhalamo. Anali wofatsa mochita kutopetsa. Ukamuponda phazi m'basi, wopepesa ankakhala iyeyo. Ukwati wawo wonse anali asanamukwezerepo mawu mkazi wake, ndipo aneba ankati Mulungu anagawa bwino: pakamwa ponse anapatsa Dara, makutu onse anapatsa Tika. Chaka cham'mbuyo bamboyu anadzipangira yekha kompyuta patebulo la kukhitchini, kumata tizitsulo motsatira zojambula za m'magazini, n'kuiika m'bokosi lamatabwa. Ankailumikiza kukanema wawo wakale. Mapulogalamu ake ankabwera pawailesi Loweruka masana. Woulutsa ankati konzani makaseti, kenaka m'nyumba monse munkamveka phokoso ngati mphaka wapanidwa pachitseko, Tihomir ali duu pafupi ndi chojambulira, nkhope ili mwee ngati akumva nyimbo ya kutchalitchi. Darinka ankangochitcha chibokosi.

Tsiku lina kushopu kunabwera munthu wogwira ntchito ku Jeremani, amene anabwera kutchuthi ndi wailesi yakufa. Pocheza anamuuza Tihomir kuti kumeneko anthu akuphunzira kudekha pa kompyuta. Akuti mtima ukavutika zala zimatuluka thukuta pang'ono, ngakhale mwini wake osaliona, ndipo makina amatha kulimva. Tihomir sanafunse zambiri. Anthu ofatsa ndi oopsa akagwira mfundo. Anayamba kutseka shopu masana, ndipo patapita masiku ochepa anaitanira mkazi wake kukhitchini.

"Khala apa, Dara. Ndipatse dzanja."

Anatulutsa mphete ziwiri zamkuwa zimene anadula papaipi yakale, iliyonse ili ndi waya wake wopita kubokosi lija. Anamuveka pazala ziwiri.

"Ukundivekanso mphete? Yoyamba ija ndinaona zimene inandibweretsera."

"Sizipweteka."

"Chikandigwira magetsi chibokosi chakochi, mzukwa wanga udzakutsata mpaka kushopu."

Pakanema panaoneka kampira koyera pakatikati, ndi mzere pansi pake. M'bokosimo munayamba kutuluka kamawu kopyapyala ngati ka udzudzu.

"Kampirako ndi iweyo," Tihomir anafotokoza. "Mtima ukakhala m'mwamba kamakwera, mawuwo n'kumakweranso. Ukadekha kamatsika. Ntchito yako n'kukatsitsa mpaka kakhudze mzerewo. Thupi likaphunzira njira yake, lidzaikumbukira kwa dokotala."

Anadina batani, ndipo pamwamba pa kampira panatuluka mawu a zilembo zikuluzikulu amene anawalemba yekha ndi chikondi chake chonse: KHAZIKA MTIMA PANSI. GANIZA ZA NYANJA.

"Nyanja? Nyanja iti? Ija tinapita galimoto n'kutifera paphiri, iwe n'kuiwala matawulo?"

Kampira kanadumpha.

"Usayankhule, Dara. Ingopuma pang'onopang'ono."

"Ndikupuma! Ukuona ngati ndafa?"

Kampira kanakagunda pamwamba pa kanema n'kumamatira pomwepo, udzudzu uja ukulira mochita kuboola makutu. Galu wa aneba anayamba kuuwa.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Tihomir anachotsa nyanja naika nkhalango. Darinka anati m'nkhalango muli nkhupakupa. Anaika mitambo, iye anati mitambo imabweretsa mvula, mvula imabweretsa matakisi openga panjanji. Anaika maluwa, iye anati maluwa ndi a pamaliro. Masabata anayamba kutha, tsiku la dokotala likuyandikira, kampira osasuntha padenga paja. Tsiku lina Darinka anavula mphete zija mwakachetechete, naziika patebulo osazigwetsa, ndipo zimenezi zinamuopsa Tihomir kuposa chitukwano chilichonse.

"Tika, mwina dokotala uja akunena zoona," anatero. "Mwina ndatha."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Kudekhako ndi kumene kulibe, bambo iwe!"

Lamlungu lotsatira kunabwera kuma Borka atanyamula mbale ya makeke a maapulo. Borka ndi amene anawaimira umboni pa ukwati wawo, ndipo kwathu kuno mboni yotere ndi eni ukwati amaitanana kuma, wamwamuna kum. Kuma ndi woposa m'bale. Sumuthamangitsa, sumuyankha mwano, ngakhale atakuponda pachilonda n'kuimirira pomwepo. Borka ankadziwa zimenezi ndipo ankazigwiritsa ntchito mokwanira. Anawapeza ali kukhitchini, Darinka mawaya ali m'zala, udzudzu ukulira.

"Ee, nanga izi? Kuma, akukutchaja ngati batire ya galimoto?"

"Akundiphunzitsa kudekha," Darinka anayankha mano ali gwa.

Borka anaika mbale pansi kuti aseke bwino. Anaseka chikhakhali mpaka kugwira tebulo, misozi ili mbwee.

"Kudekha! Ameneyu? Kum Tika, ukungowononga magetsi. Ine ndimamudziwa kuyambira tili atsikana. Ameneyu anakangana ndi wansembe pa ubatizo wa mwana wake yemwe, chifukwa madzi anali ozizira. Kampira kakoko kadzatsika tsiku limene mtsinje wa Danube udzayende chobwerera. Sangathe. Sangathe, ndikukuuza! Akakatsitsa, ine ndidya mpango wangawu."

Tihomir anatseka maso kudikira bingu. Bingu silinagunde.

Darinka sakanamutukwana kuma wake. Mawu onse amene anafika pakhosi anawameza, ndipo chinatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene akanabwezera nacho. Anatembenukira kukanema. Mapewa anatsika. Maso anachepa. Mpweya unayamba kulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, ndipo anamva kuzizira kwinakwake kukutsika kuchokera m'khosi mpaka m'manja. Kuzizirako ankakudziwa bwino. Ndi komwe kankamufikira takisi ikalowa panjanji mwadzidzidzi kutsogolo kwake, anthu onse m'tramu akukuwa, iye yekha ali phee, dzanja likuchita ntchito yake.

Kampira kanagwedezeka, kanachoka padenga. Udzudzu unasanduka njuchi. Njuchi inasanduka kung'ung'udza kwa firiji. Kampira kanatsika, kanatsika, kanakakhala pamzere paja ngati nkhuku pamazira.

Tihomir kukamwa kuli yasa.

"Kuma," anatero Darinka mofatsa, maso akadali pakanema, "mpango uja udya ndi mchere kapena wopanda? Ifetu mchere tinasiya m'nyumba muno."

Zimenezi ife a ku Beograd kuno timati inat. Ndi makani aja timayamwira kubere, oti munthu akakuuza kuti sungathe, umachita dala chinthucho ngakhale chikhale choti sunkachifuna n'komwe. Anthu amanga nyumba chifukwa cha inat, ena amaliza sukulu, ena akhala ndi moyo zaka zambirimbiri pofuna kuti aneba asakondwere. Koma munthu wodekha chifukwa cha inat ndinali ndisanamumvepo, mpaka Darinka.

Tihomir anaona zonse. Borka atangopita, mpango wake uli bwinobwino pamutu, bamboyu anakhala pabokosi lake n'kufufuta nyanja, nkhalango, mitambo ndi maluwa. Ankalemba ndi chala chimodzi, makutu ali psuu, akupepesa chapansipansi ngati bokosilo likumva. Mawa lake anamuveka mkazi wake mphete, anadina batani, n'kuthawira pakhonde kukathirira tsabola wa m'zitini amene anali atamuthirira kale.

Pakanema panalembedwa: SUNGATHE, DARA.

"Tika! Walemba izi ndani?"

"Makina," anayankha ali pakhonde.

Mawuwo anasintha: PAKAWINDO PAKUKUKHALA.

Anasinthanso: GVOZDEN AMAYENDETSA BWINO KUPOSA IWE.

"Chimphona chija? Chabwino. Tiona."

Kampira kanatsika ngati mwala m'chitsime.

Darinka ankadziwa kuti ndi mabodza, ankadziwanso amene anawalemba, koma thupi lake linalibe nazo ntchito. Likangoona mawu aja linkadziwa njira. Tsiku lililonse akaweruka pakawindo ankavala mphete zake, bokosi n'kumunyoza, iye n'kulichititsa manyazi. Tihomir anabwereka chopimira magazi kwa mwamuna wa Borka, n'kumamumanga lamba kampira kali pamzere. Kamuvi kankaima pabwino, pa munthu wathanzi. Usiku Darinka anayamba kugona tulo, ndipo fodya anamusiya kosamusiyanso m'mawa.

"Nanga kuchipatala kuja?" Tihomir anafunsa. "Bokosi sitingalinyamule."

"Kuli Pantić. Ukuganiza kuti ndikasowa wondinyoza? Onse obwera kachiwiri amawalonjera ndi mawu amodzi: mwabwereranji, palibe amene amatsitsa. Akangotero basi, ndamudya."

Tsiku lija linafika. Darinka anavala yunifolomu yake yoyendetsera ataisita bwino, ngakhale panalibe womuuza kutero. Tihomir anatseka shopu namuperekeza. M'khonde la chipatala munali modzaza oyendetsa matramu ndi mabasi odikira kupimidwa, atakhala pamabenchi, zipewa zili pamaondo. Gvozden analipo, atatenga malo a anthu awiri.

"Dara! Bwera udzatenge chitramu chako, chandikana ine," anakuwa. "Usaope, zikuyendera."

"Tseka pakamwa, ungandiwonongere," Darinka anayankha, ndipo Gvozden anadabwa kuti walakwa chiyani.

Dzina lake litaitanidwa analowa mutu uli m'mwamba, wokonzeka kukumana ndi mdani wake. Koma pampando wa Pantić panali mtsikana wovala magalasi, wa nkhope yozungulira, akumwetulira ngati walandira mlendo wochokera kutali.

"Lowani, lowani, mayi Darinka. Ndine dokotala Sekulić. A Pantić ali kutchuthi. Khalani apa. Mukudziwa, ndili kusukulu ndinkakwera tramu yanu tsiku lililonse. Ndinkati mayi awa ndiye akatswiri."

Darinka anamva miyendo ikuzizira, koma kunali kuzizira kolakwika.

"A Pantić abwera liti?"

"Musadandaule, ine ndikuthandizani bwinobwino." Anamumanga lamba mosamala ngati akufunditsa khanda, namusisita paphewa. "Ndikudziwa kuti mutha. Ingokhazikani mtima pansi. Ganizani za malo okongola."

Mayo ine! Darinka anayesa. Anatseka maso kufunafuna kampira, kufunafuna mawu aja a zilembo zikuluzikulu, koma m'makutu mwake munkangomveka kukoma mtima kwa mtsikanayu. Mtima unayamba kugunda m'khosi. Lamba anafinya, kamuvi kanauluka.

Dokotala Sekulić anayang'ana chopimiracho ndipo kumwetulira kunazima.

"Pepani kwambiri, mayi. Akwera zedi." Anaganiza pang'ono. "Tichite chonchi. Kakhaleni panja mupume, ndione anthu ena awiri, kenaka ndikupimeninso. Koma kumeneko kukhala komaliza. Akapezekanso chonchi, manja anga ndi omangika."

Darinka anatuluka nakakhala pabenchi pafupi ndi mwamuna wake. Anthu onse m'khondemo anaona nkhope yake ndipo nkhani zawo zinaduka.

"Pantić kulibe," ananong'ona. "Kuli kamngelo. Kakundiuza kuti nditha."

Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Tika, bokosi lako lili kunyumba. Watsala ndiwe."

"Ine?"

"Unalemba ndiwe. Nena."

Kulemba ndi chala n'kuthawira pakhonde ndi nkhani ina. Kunena ndi pakamwa, maso ndi maso, kwa mkazi amene sunamukwezerepo mawu chiyambire, ndi nkhani inanso. Tihomir anatuluka thukuta pamphumi. Anaweramira kukhutu kwa mkazi wake.

"Dara... mwina... mwina sungathe. Pepa."

"Ndi pepa wakoyo? Ukundinyoza kapena ukundipempha shuga?"

"Sindingathe, Dara."

"Ndiye basi. Tiye tizipita, ndisakachite manyazi kawiri."

Anatola chikwama chake. Sanali kuopseza ayi, analidi atagonja, ndipo Tihomir anaona zimenezo. Chitseko cha dokotala chinatseguka, munthu woyamba anatuluka, wachiwiri analowa. Pamenepo bambo wofatsa uja anaimirira. Anaima pakati pa khonde, natulutsa mawu amene palibe anadziwa kuti ali nawo.

"Inde, tiye! Amayi anga ankanena zoona!"

Mitu yonse inatembenuka.

"Ankati tramu si ntchito ya mkazi, ine osamva! Wakalamba, Dara! Manja akunjenjemera ngati a agogo! Pakawindo paja ndiye pako, uzipatsa anthu matikiti ndi kumwetulira. Kapena tiye kunyumba uzikandiphikira nyemba ngati akazi anzako. Lamba wansalu wakugonjetsa! Sungathe! Sunathe mwezi watha, sungathe lero!"

Benchi inalira. Gvozden anali ataimirira, ndipo ndi dzanja limodzi anamugwira Tihomir pakolala n'kumukweza mpaka zidendene zinasiya pansi.

"Iwe kawokonza mawailesi, ukuyankhula ndi ndani choncho? Ukumudziwa Dara iwe?"

"Ndithandize," Tihomir ananong'ona, mpweya ukumuthera. "Ndi mankhwala ake. Inat. Tamuyang'ana."

Gvozden anayang'ana. Darinka anali ataika chikwama pansi. Mapewa anali atatsika, maso atachepa, akuyang'ana mwamuna wake ngati takisi imene yalowa panjanji. Gvozden mutu wake unkachedwa, koma mawu akuti inat sasowa womasulira kwathu kuno. Anamutsitsa Tihomir, namukonza kolala, natsokomola.

"Komadi," anatero mokweza, "tramu ija chichokereni Dara ikuyenda bwino. Anthu akuchita kundithokoza."

"Mabuleki ake anali ngati a ngolo!" anatero woyendetsa basi wina amene anamva kunong'onako.

"Ine ndinamvapo kuti amaopa mtsetse!"

"Amayendetsa ndi mwayi chabe!"

"Azimayi kukhitchini!" anakuwa mayi wina woyendetsa tramu, akudzitsina pantchafu kuti asaseke.

Nkhaniyo inayenda benchi ndi benchi, ndipo posakhalitsa khonde lonse linali likunyoza Darinka ndi mtima wonse, aliyense kupikisana ndi mnzake. Chitseko chinatseguka. Dokotala Sekulić anasuzumira, maso ali tong'o kuseri kwa magalasi.

"Kodi n'chiyani kuno? Mulibe manyazi? Munthu akudwala inu mukumu..."

"Asiyeni, a dokotala," anatero Darinka akuimirira. Mawu ake anali osalala ngati madzi a m'beseni. "Ndakonzeka. Chitseko musatseke. Ndipo chonde, musandiuze chabwino chilichonse."

Anakhala pampando, anapinda yekha mkono wa malaya, naupereka. Dokotala anamanga lamba mokwiya, pakuti pakhomo panali patadzaza mitu. Kutsogolo kwa onse kunali Tihomir, misozi ikutsika m'masaya osaipukuta, akubwereza ndi mawu osasa, "Sungathe, Dara. Sungathe." Kumbuyo kwake Gvozden ankatsogolera gulu ngati kubwalo la mpira, akuponda pansi ndi chiphazi chake: "Sa-nga-the! Sa-nga-the!"

Darinka anawayang'ana onse mmodzimmodzi. Anapuma. Kuzizira kuja, koyenera tsopano, kunatsika kuchokera m'khosi mpaka kunsonga za zala. Lamba anafinya, anafinya, kenaka mpweya unayamba kutuluka. Dokotala anamvetsera ndi zam'makutu zake, akuyang'ana kamuvi. Anakwinya nkhope. Anagogoda chopimiracho ndi chala. Anamasula lamba, anamanga pamkono winawo, napopanso.

"Sizingatheke," anatero.

"Mwayamba kuphunzira, a dokotala."

"Magazi anu ali bwino kuposa anga. Mwachita bwanji?"

"Mwamuna wanga ali ndi kompyuta," anatero Darinka, ndipo kanali koyamba kuitchula ndi dzina lake.

Dokotala anayang'ana mayiyo, anayang'ana gulu la pakhomo limene tsopano linali chete ngati latsiridwa madzi, napukusa mutu. Kenaka anaseka.

"Zimenezi sanatiphunzitse kusukulu. Bwererani pa tramu yanu, mayi Darinka."

Khonde linaphulika. Zipewa zinauluka mpaka kudenga, anamwino anatuluka m'zipinda kudzaona ngati kwabuka moto, Gvozden anakumbatira munthu wina wosamudziwa amene anangobwera kudzachotsa dzino. Koma Darinka anatuluka osamwetulira. Anatsitsa mkono wa malaya, anamanga batani lake, nayenda pakati pa anthuwo, iwo akupatuka, mpaka anaima pamaso pa mwamuna wake. Phokoso linatsika. Tihomir anali atatuwa ngati ufa.

"Unati amayi ako ankati chiyani?"

"Ndinanama, Dara. Amayi ankakunyadira. Ankauza mudzi wonse."

"Manja a agogo?"

"Bodza."

"Nyemba?"

"Ndiziphika ndekha."

Darinka anamuyang'ana nthawi yaitali. Bambo ameneyu, woti ntchentche amaitsegulira windo m'malo moipha, anali atadzivula ulemu pamaso pa anthu onsewa, kudzisandutsa chilombo, chifukwa cha iye. Chifundo ndi chikondi zinamudzaza pachifuwa mpaka zinamupweteka. Anatulutsa kansalu m'thumba la yunifolomu namupukuta nkhope mwamphamvu, ngati akupukuta galasi la kutsogolo kwa tramu.

"Wakuwa bwino," anatero. "Koma udzayerekeze kubwereza tili kunyumba, udzaona."

"Sindidzayerekeza."

"Gvozden! Mpando wanga ukaubwezere mmene unaupezera, miyendo yanga si ya ngamila." Kenaka anakoleka mkono wake m'mkono wa mwamuna wake, pamaso pa onse, n'kuyamba kumukokera kukhomo. "Tiye, Tika, ukagone msanga lero. Mawa undidzutse kusanache. Tramu yoyamba ndi yanga."